Agogo Anapita ku Keyala: Mafunso ndi Mayankho pa Kulondola Mbiri ya Asilikali a M'banja Mwanu

Kunsi kwa bedi la agogo anga aakazi kunkakhala bokosi lachitsulo limene ana sitinkaloledwa kulikhudza. Tsiku limene analitsegula ine ndili pomwepo ndinali ndi zaka 12. Munali chikhothi chachitali chodyedwa ndi njenjete, lamba wachikopa wouma gwa, supuni imodzi ndi mamendulo atatu okulungidwa m'kansalu. "Za mlongo wanga izi," anatero, "anapita ku Keyala." Anapukuta fumbi ndi m'mphepete mwa chitenje, n'kutsekanso. Sindinafunse kanthu, ndipo pamene nzeru zofunsa zinkandifikira, iwo anali atatisiya kale. Mafunso otsatirawa ndi amene anthu ofuna kudziwa za makolo awo amafunsa kawirikawiri, ndipo ena ndi omwe ine ndinachedwa nawo.

Kodi Keyala imene akuluakulu amaitchulayi inali chiyani?

Ndi mmene makolo athu ankatchulira zilembo za KAR, chidule cha King's African Rifles, gulu la asilikali akuda limene Angerezi anakhazikitsa mu 1902 m'maiko amene ankalamulira kum'mawa ndi pakati pa Africa. Bataliyoni yoyamba ndi yachiwiri zinali za kuno ku Nyasaland, ndipo kwawo kunali ku Zomba. Usilikali wa mtunduwu unayamba Keyala isanabadwe n'komwe: pofika 1900 anyamata a kuno anali atakwera kale sitima zapamadzi kupita ku Mauritius, ku Somaliland ndi ku Asante, m'dziko limene lero ndi Ghana. Dzina la Cobbe Barracks n'lochokera nthawi imeneyo, pakuti Alexander Cobbe anali mzungu wotsogolera asilikali a kuno pa nkhondo ya ku Somaliland mu 1902. Ufulu utabwera mu 1964, bataliyoni yoyamba ija inasanduka Malawi Rifles, ndipo Graciano Matewere, Mmalawi woyamba kukhala mkulu wa asilikali mu 1972, anayambira ku Keyala komweko.

Ndiye wina akakuuzani kuti agogo anali ku Keyala, mufunseni kuti liti. Nkhondo zake zinali zambiri, ndipo mibadwo itatu inavala chisoti cha Keyala.

Nanga nkhondo ya Chiwaya ndi iti?

Ndi nkhondo yoyamba ya padziko lonse, ya 1914 mpaka 1918. Chiwayacho ndi mfuti ija yolavula zipolopolo mosalekeza, yolira ngati chimanga chothetheka pamoto. Kusukulu timaiphunzira ngati nkhani ya ku Ulaya, chonsecho inafika pakhomo pathu penipeni, chifukwa Tanzania wa lero anali m'manja mwa Ajeremani. Pakati pa Ogasiti 1914 sitima ya Angerezi ya Gwendolen inawoloka nyanja yathu n'kukawombera sitima ya Ajeremani, Hermann von Wissmann, ili pamtunda padoko la Sphinxhaven, limene lero ndi Liuli. Mfuti ya Gwendolen ilipobe ku Mangochi, pafupi ndi nsanja ya wotchi. Pa 9 Sepitembala chaka chomwecho nkhondo inagundika pa Karonga, anthu anagwa mbali zonse ziwiri, Ajeremani n'kubwerera. Kuyambira 1916 asilikali otsogozedwa ndi Edward Northey analowa m'dziko la adani kudzera kumalire a kumpoto, ndipo anasakana ndi mkulu wa asilikali a Ajeremani, Paul von Lettow-Vorbeck, m'tchire la Tanzania, Mozambique ndi Zambia mpaka iye anatula zida pa Abercorn, Mbala wa lero, pa 25 Novembala 1918. Apo n'kuti ku Ulaya mfuti zitaleka kulira milungu iwiri yapitayo.

Agogo athu sanagwire mfuti, anali mtengatenga chabe. Kodi nawonso tiziwawerengera?

Chotsani mawu akuti "chabe". Pa nkhondo ya Chiwaya dziko lino linapereka asilikali pafupifupi 19,000, koma olembedwa ntchito ya mtengatenga anali pafupifupi 200,000, m'dziko la anthu ongopitirira pang'ono 1 miliyoni. Mukaganizira bwino ziwerengerozi, muona kuti pafupifupi banja lililonse la ku Malawi limene lingalondole makolo ake mpaka 1917 lipeza wina amene anasenza katundu wa nkhondo. Kumene asilikali ankapita kunalibe misewu, ndipo ng'ombe ndi akavalo zinkafa ndi kashembe. Mpunga, ufa, zipolopolo, mahema, ngakhale mfuti zikuluzikulu zophwasulidwa, zonse zinkayenda pamutu pa munthu. Mtolo umodzi unkapitirira makilogalamu 20, ulendo wa milungu, wopanda nsapato, mvula ikugwa, chakudya chili chochepa. Ambiri amene anatsala m'njira sanaphedwe ndi chipolopolo. Anafa ndi kamwazi, malungo, chibayo ndi njala, ndipo amene anapulumuka anakumana ndi chimfine choopsa cha kumapeto kwa 1918.

Ambiri sanapite mwa kufuna kwawo. Boma linkauza mfumu chiwerengero cha amuna oti ipereke, ndipo ikalephera inkaona zakuda. Amesenjala ankazinga mudzi usiku. Amuna akathawira kuphiri, ankagwira akazi awo mpaka eni ake atadzipereka. N'chifukwa chake akuluakulu ena ankati imeneyi inali thangata basi, yongosintha dzina. Ku Mozambique kulemba anthu mokakamiza kotereku kunali chimodzi mwa zimene zinautsa nkhondo ya ku Barue mu 1917. John Chilembwe anaziona zisanafike poipa. Mu Novembala 1914 analembera kalata nyuzipepala ya Nyasaland Times kudandaula kuti anthu osauka akutengedwa kukafera nkhondo imene si yawo, n'kusiya akazi amasiye ndi ana amasiye, pamene nthawi ya mtendere palibe amene amawawerengera. Boma linaletsa kalatayo kufalitsidwa.

Zambiri zimene tikudziwa za amtengatenga zinapulumuka chifukwa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 wofufuza mbiri yakale Melvin Page ndi ophunzira a ku Chancellor College anayenda m'midzi kucheza ndi okalamba amene anaiona nkhondoyo ndi maso. Buku lake, The Chiwaya War, linatuluka mu 2000. Akanachedwa zaka khumi zokha, akanapeza manda okhaokha.

Kwathu amati agogo anakamenyana ndi Hitler ku Germany. N'zoona?

Kwathunso ankatero. Zoona zake n'zakuti mabataliyoni a Keyala sanamenye nkhondo ku Ulaya. Anthu ankati "nkhondo ya Hitler" kutanthauza nkhondo yonse yachiwiri, ya 1939 mpaka 1945, ndipo pakamwa pa zidzukulu dzina la nkhondo linasanduka dzina la malo. Amuna a kuno amene analembedwa anali pafupifupi 30,000. Oyamba anakumana ndi Ataliyana: pa Moyale, m'malire a Kenya ndi Ethiopia, mu Julayi 1940, kumene kunachokera dzina la Moyale Barracks ya ku Mzuzu, ndi pa Tug Argan ku Somaliland mu Ogasiti chaka chomwecho, ali limodzi ndi anzawo a Northern Rhodesia Regiment ochokera ku Zambia wa lero. Mu 1941 anali ku Ethiopia, mu 1942 ku Madagascar. Kenako anawoloka nyanja yamchere kupita ku Ceylon, ndipo mu 1944 analowa ku Burma kukamenyana ndi Ajapani, kutsika chigwa cha Kabaw m'nyengo ya mvula yosakata, m'matope ndi malungo, mpaka kufika pa mtsinje wa Chindwin. Ochepa anakaonadi London, pa perete wa chipambano mu Juni 1946. M'zaka za m'ma 1950 ena anatumizidwa ku Malaya.

Pa mamendulo atatu a m'bokosi lija, imodzi inali nyenyezi yolembedwa dzina la Burma. Nkhani ya ku Germany inathera pomwepo, koma ulemu wa mkuluyo sunachepe. Ndinayambanso kumvetsa chifukwa chake amayi ankati malume awowo sankagona mvula yamabingu ikamagwa, ankangokhala pakhonde mpaka kucha.

Ndikufuna kuyamba kufufuza. Ndiyambire pati?

Yambirani kumudzi, ndipo muyambe ndi amayi okalamba. Amuna amakonda kufotokoza za mfuti ndi maudindo, ndipo nkhani imakula ikamapita pakamwa ndi pakamwa: lansi kopolo amasanduka sajeni, sajeni n'kusanduka kaputeni. Azakhali ndi agogo aakazi amakumbuka zina: tsiku limene munthu ananyamuka, yemwe anali ndi pakati nthawi imeneyo, yemwe analima munda wake, kalata imene inabwera ndi amene anaiwerenga, zimene anabwera nazo, ndi mmene anasinthira. Amenewa ndiwo anasenza mudzi amuna ali kutali, ndipo nkhani yawo ndi mbali ya mbiri yomweyi.

Musapite ngati wapolisi wofufuza mlandu. Dziwitsani kaye mwinimbumba kapena malume anu, tengani kashuga ndi sopo, khalani pamphasa, thandizani kutong'ola chimanga. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Pemphani chilolezo musanayatse foni yojambulira mawu, ndipo mukajambula sungani m'malo awiri, chifukwa foni imabedwa ndi kugwera m'madzi. Musafunse kuti "chinali chaka chanji", pakuti okalamba ambiri sawerengera zaka motero. Funsani kuti anabwera njala ya 1949 isanagwe kapena itapita, mfumu inali ndani, mwana uti anali kumsana. Amene anabwera njalayo isanagwe ndi wa nkhondo yachiwiri kapena yoyamba. Amene ananyamuka itapita, ganizirani za Malaya.

Kenako pemphani kuona zinthu: mamendulo, kabuku kotulukira usilikali, zithunzi, makalata, bokosi, lamba. Chimene mukusaka koposa zonse ndi nambala ya usilikali. Mamendulo a nkhondo yoyamba ali ndi nambala, udindo, dzina ndi gulu zodindidwa m'mphepete mwake, tizilembo ting'onoting'ono tofunika kuunika padzuwa. A nkhondo yachiwiri nthawi zambiri ankaperekedwa opanda dzina, ndiye yang'anani pa katundu wina. Nambala zambiri za asilikali a ku Nyasaland pa nkhondo yachiwiri zinkayamba ndi zilembo DN. Ine ndinaipeza pa chogwirira cha supuni ija, yozokotedwa ndi msomali. Chonde mendulo musaikweche ndi mchenga kapena phulusa ngati poto. Mufufuta zilembo zimene mukuzifunazo. Kansalu kouma n'kokwanira.

N'chifukwa chiyani dzina la agogo silikupezeka m'mabuku?

Kawirikawiri mumakhala mukusaka dzina lina, iwo analembetsa lina. Munthu mmodzi ankakhala ndi dzina la paubwana, la kuchinamwali, la ubatizo kapena la Chisilamu, ndi lina la kuntchito. Kalaliki ankalemba limene wamva, mmene walimvera, ndipo dzina la bambo ake a munthu ndilo linkakhala lachiwiri. Mfunda ngati Phiri kapena Banda nthawi zambiri sunkalembedwa n'komwe. Ena ankalembetsa dzina la mbale wawo pothawa msonkho kapena mlandu. Popeza azungu ankakhulupirira kuti Ayao ndiwo asilikali abwino, anyamata a mitundu ina ankadzitcha Ayao kuti alembedwe, ndipo ambiri ochokera ku Mozambique ankatchula mudzi wa kuno. Lembani mayina onse amene munthuyo ankadziwika nawo, dzina la bambo ake, la nyakwawa ndi la mfumu yaikulu.

Maboma nawonso anasintha mayina. Mangochi anali Fort Johnston, Nsanje anali Port Herald, Mchinji anali Fort Manning, Chitipa anali Fort Hill, Chipata wa ku Zambia anali Fort Jameson. M'mapepala akale Mzimba mumupeza ngati Mombera, ndipo Karonga ngati North Nyasa.

Chifukwa china n'chowawa. Ambiri sanalembedwe pena paliponse. Mu Epulo 2021 bungwe losamala manda a nkhondo la Commonwealth War Graves Commission linavomereza kuti anthu osachepera 116,000, mwinanso mpaka 350,000, amene anafa pa nkhondo yoyamba, ambiri a iwo a mu Africa muno ndi ku Middle East, sanakumbukiridwe ndi dzina monga anachitira ndi azungu. Amtengatenga ndiwo ochuluka m'gulu limeneli. Ngati agogo anu anatsala m'tchire la kwa Songea, n'kutheka kuti malo okhawo amene dzina lawo lasungidwa ndi m'mutu mwa azakhali anu.

Nanga mapepala amene alipo ali kuti?

Ku National Archives ku Zomba kuli mafayilo a boma la atsamunda, kuphatikizapo mabuku a maboma amene ma DC ankalembamo za mafumu ndi midzi. Muli ku Zomba komweko pitani pa chipilala cha Keyala chimene chili pafupi ndi Cobbe Barracks mukawerenge mayina. Ku Lilongwe kulinso nsanja ya chikumbutso pafupi ndi Capital Hill. Laibulale ya Society of Malawi ku Mandala House mu Blantyre ili ndi mabuku ndi zithunzi zakale. Amene anafera ku nkhondo yachiwiri mungawasake kwaulere pa intaneti, patsamba la bungwe la manda lija, pogwiritsa ntchito dzina kapena nambala. Ena agona ku manda a Taukkyan pafupi ndi Yangon. Muli ndi mbale ku Britain? Mutumeni ku National Archives ya ku Kew mu London, kumene kuli mindandanda ya olandira mamendulo ndi mabuku a zochitika za tsiku ndi tsiku a mabataliyoni. M'mabuku amenewa msilikali wamba satchulidwa kawirikawiri, koma mukadziwa bataliyoni yake mudziwa kumene anagona sabata ndi sabata. Musaiwale mabuku a ubatizo ndi a ukwati ku mishoni ya kwanu.

Timamva kuti ndife abale a munthu wina wotchuka. Tingatsimikize bwanji?

Pafupifupi banja lililonse lili ndi nkhani yotere: ndife a kwa Gomani, agogo anali msuweni wa Kamuzu, magazi a Chilembwe ali mwa ife. Zina n'zoona ndithu. Koma mfunda wokha si umboni. A Banda onse si a bere limodzi, ndipo ambiri anatenga mfunda wa mfumu imene inawalandira kapena ya mudzi umene anakulira. Funso loyesera ndi limodzi: kudzera mwa yani? Tchulani munthu ndi munthu, kuchokera pa inu mpaka pa wotchukayo, osadumpha. Kwa Achewa, Ayao, Amang'anja ndi Alomwe tsatani bere la amayi. Kwa Angoni a ku Mzimba, Atumbuka ndi Asena tsatani kuchimuna. Funsaninso kuti maliro akagwa kumeneko uthenga umafika kwanu kodi, nanga manda anu ndi amodzi? Pamene unyolo waduka, lembani kuti "akuluakulu amati", musalembe ngati mwatsimikiza.

Chimene chimandidandaulitsa n'chakuti timathamangira ubale wa munthu wa pandalama kapena wa m'buku la sukulu, n'kusiya agogo athu enieni amene anayenda pansi kuchoka ku Karonga mpaka ku Iringa mtolo uli pamutu. Wotchuka uja ali nawo kale omulemba. Wanuyu akudikira inu.

Bwanji ndikapeza zinthu zochititsa manyazi?

Muzipeza ndithu, ndipo muzilembe mmene zilili. Ena anathawa usilikali. Ena anakwapulidwa zikoti pa perete. Ena anasiya ana kumaiko kumene anapita, ena anabwera n'kupeza banja litatha. Alipo amene anamenyera Ajeremani: bataliyoni yachiwiri itathetsedwa mu 1911, asilikali ake ambiri anawoloka malire kukalembedwa kwa Ajeremani, kumene malipiro anali abwinopo, ndipo mu 1914 anapezeka akuloza mfuti anzawo akale. Keyala yomweyo ndi imene boma linagwiritsa ntchito posaka anthu a Chilembwe mu 1915, ndiponso pa nthawi ya chipwirikiti cha 1959.

Taonani banja la Njilima. Duncan Njilima, wamalonda wodziwika, anaphedwa ndi boma chifukwa cha kuukira kwa Chilembwe. Mwana wake Frederick, amene anakaphunzira ku America, analowa usilikali wa Britain, anamenya nkhondo ku France, n'kulandira mendulo ya kulimba mtima yotchedwa Military Medal. Bambo ananyongedwa ndi ufumu umene mwana anaukhetsera magazi. Mukachotsa mbali imodzi kuti nkhani ikome, mwataya chimene chikutiphunzitsa za nthawi imeneyo. Makolo athu ankasankha pakati pa msonkho, thangata, migodi ya ku Joni ndi usilikali. Tisawaweruze ngati anali ndi njira zambiri. Koma nkhani yokhudza anthu amene ali moyo, monga ya mwana wa kunja, muyambe mwakambirana ndi akuluakulu a banja musanaiike pa Facebook kapena pagulu la WhatsApp.

Atabwerako anapindula chiyani?

Ochepa anabwera ndi luso loyendetsa galimoto, la makina kapena la zachipatala, ena anagula njinga ndi makina osokera, ena anatsegula tigolosale. Ambiri anabwerera ku khasu. Ndalama yothokoza imene ankalandira potuluka itatha nkhondo yachiwiri inkatsata khungu: msilikali wamba wachizungu ankawerengeredwa mashiling'i 10 pa mwezi uliwonse umene anatumikira, wakuda atatu ndi theka. Chimene chinakhalitsa ndi chimene anabweretsa m'miyendo. Malipenga a ku Nkhata Bay ndi Karonga, mganda wa m'chigawo cha pakati ndi beni wa ku Mangochi, ndi mayunifolomu ake oyera, maudindo ake ndi kuguba kwake, ndi perete wa asilikali amene anthu anamusandutsa gule wawo.

Lero okalamba ena amene anatumikira amasungidwa kunyumba za chikumbutso ku Zomba, ndipo bungwe la asilikali opuma la VELOM limagulitsa timaluwa tofiira chaka chilichonse pokonzekera mwambo wa Lamulungu lachiwiri la Novembala. A nkhondo yoyamba anatha onse. A nkhondo yachiwiri amene atsala ali ndi zaka pafupifupi 100, ndipo ana awo, amene anamva nkhanizi pamoto, nawonso ndi okalamba tsopano. Musadikire maliro kuti mukafike kumudzi. Gulani kope mwezi uno, mukakhale pansi ndi mayi wamkulu wa m'banja mwanu, mumufunse kuti bokosi lija lili kuti.